Chomwe chimayambitsa namondwe, matalala ndi mphezi

Aphunzitsi, mwafunsa mmene mungafotokozere ana a pulayimale za namondwe, matalala ndi mphezi osawazunguza mutu. Ine ndinganene kuti musathamangire kuwaloweza mayina. Ayambe amvetsa chinthu chimodzi: mpweya ukatentha umakwera, ndipo ukafika kozizira, nthunzi imene wanyamula imasanduka timadontho. Wiritsani madzi mumphika, muvundukule, anawo aone madontho amene akangamira kunsi kwa chivundikiro. Mtambo umapangika chomwecho.

Dzuwa likawomba kwambiri, mpweya wachinyontho umakwera mwamphamvu n'kupanga mtambo wakuda bii kunsi, wotalika mpaka kupitirira makilomita 10. Kumtunda kwake n'kozizira koopsa, moti madontho amaundana. Mphepo yokwera ija imawagwira m'mwamba momwemo, madzi ena n'kumaundana pamwamba pake, mpaka atalemera n'kugwa. Amenewo ndiwo matalala. Mukalidula pakati lalikulu, mudzaona mizere yozungulira yosonyeza mmene limakulira. Tizidutswa toundanato tikamakhulana mumtambo timapanga magetsi, ndipo magetsiwo akadumpha ndiye mphezi. Imatenthetsa mpweya mpaka madigiri pafupifupi 30,000, mpweyawo n'kufufuma mwadzidzidzi, ndipo kuphulikako n'kumene timati bingu. Apa ndi pamene ana amasangalala: kukang'anima awerenge masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi. Koma awerengere m'nyumba, osati pansi pa mtengo kapena pabwalo la mpira.

Namondwe amayambira panyanja yamchere, madzi akafunda kufika madigiri 26 kapena 27. Nthunzi yochuluka imakwera, mpweya wa m'mbali umathamangira kudzadzaza malowo, ndipo poti dziko limazungulira, mphepoyo imakhotetsedwa n'kuyamba kuzungulira nayo. Kummwera kwa dziko lapansi imazungulira motsatira mivi ya wotchi, kumpoto mosemphana. Liwiro likafika makilomita 119 pa ola, amamutcha hurricane ku Atlantic, typhoon kumadzulo kwa Pacific, cyclone ku Indian Ocean. Chinthu n'chimodzi, mayina okha. Pakatikati pake pamakhala bata, ndipo ichi n'chimene chimapusitsa anthu: amatuluka poganiza kuti watha, pomwe mbali inayo ikubwera. Akafika kumtunda amafooka chifukwa wasiyana ndi madzi ofunda aja, koma akabwereranso panyanja amatha kudzuka. Freddy wa mu 2023 anachita zimenezi: anayambira kufupi ndi Australia, anawoloka Indian Ocean yonse, ndipo anafika ku Mozambique kawiri. Muwauzenso kuti kawirikawiri chimapha anthu ambiri ndi madzi osefukira ndi matope otsika m'mapiri, kuposa mphepo yeniyeniyo.

Tornado musamusokoneze ndi kavuluvulu wafumbi uja wa dzuwa likaswa mtengo. Tornado amatsika kuchokera mumtambo wa mabingu, ndi wochepa m'mimba, sachedwa kutha, koma amasasula nyumba. Amachuluka ku United States.

Chilala ndiye chimavuta kuphunzitsa, poti sichibwera ndi phokoso. Mpweya ukamatsika m'malo mokwera, mitambo sipangika, kumangoti mbee masabata ndi miyezi. El Niño, kutanthauza kufunda kwa madzi a pakati ndi kum'mawa kwa Pacific, nthawi zambiri amachepetsa mvula ku Australia, Indonesia ndi kummwera kwa Africa. Chimenechi ndingachisungire ana a makalasi apamwamba, amene atha kuloza malowa pamapu.