Mawu a alekichala si registration

Achemwali, mwalemba kuti registration ya kosi yanu ina yakakamira, koma mawu a alekichala akuti "ingolowani m'kalasi, za registration tikonza" amenewo musawamvere ayi. Ndi omwewo amene anandidyera chaka chathunthu ine, moti ndikuwerenga zimene mwalembazi mtima wayambanso kundiwawa. Bola inu tsiku lomaliza lolembetsa makosi silinakwane.

Kosi yanga inali Research Methods ya chaka chachitatu. Amene mukuchita Political Science mukudziwa kuti popanda kosi imeneyi dissertation palibe. Ukhoza kukhala dolo pa Political Theory, za Hobbes ndi Locke zili kumutu, International Relations ukutsutsana ndi alekichala amene, koma Research Methods ikasowa pa transcript sakupatsa supervisor, ndipo proposal yako palibe angaiwerenge. Pa yunivesite yathu imaphunzitsidwa semesita yoyamba yokha. Waiphonya, dikira chaka chamawa.

Fizi ndinalipira nthawi yabwino. Koma ndalama ikachoka ku banki imayenera kuonekera kaye ku accounts, iwo achotse loko pa akaunti yako, ndiye portal, tsamba la pa intaneti la sukulu, ikulole kusankha makosi. Yanga inakakamira panjira. Ndikatsegula portal ikuti ndili ndi ngongole, ndikapita ndi lisiti akuti "zituluka zokha, banki imachedwa." Loko anadzachotsa madzulo a tsiku lomaliza lenilenilo, sukulu yonse ili pa portal, tsamba likungozungulira. Makosi ena analowa, imeneyi yokha inakana, ati ndilibe prerequisite, kosi yoyenera kukhoza kaye. Kosi ya statistics ya chaka chachiwiri ndinakhoza bwinobwino, koma ku dipatimenti anali asanalowetse magiredi athu ena mu sisitimu. Akanachotsa loko msanga bwenzi nditaziona kudakali nthawi.

M'mawa mwake ndinatenga fomu ya add/drop, yowonjezerera kapena kuchotsera kosi, nthawi yake inali ikadalipo, n'kupita nayo kwa alekichala a kosiyo. Imafunika siginecha yawo, ya a HOD, mkulu wa dipatimenti, kenako ikafike kwa registrar. Bambo aja anandiseka. "Aaa, zazing'ono izi. Ndisiyireni fomuyo, ndikasainitsa ndekha, inu ingolowani m'kalasi." Ndinawaona ndi maso angawa akuiika mudirowa.

Ndiye ndinalowadi. Semesita yonse osajomba. Za sampling, kapangidwe ka questionnaire, kusiyana kwa correlation ndi causation, kulimbana ndi pulogalamu ya statistics ya SPSS mpaka usiku, zonsezo ndinali momwemo. Asainimenti ya gulu ndinataipa ndine. Test ndinalemba, pepala linabwera atalichonga ndi cholembera chofiira, malikisi ali pamwamba. Ndikawafunsa za fomu ija amangoti zili m'njira. Munthu akukuchongera ntchito yako, akukutchula dzina m'kalasi, ungakayike bwanji?

Tsiku la mayeso limenelo sindidzaliiwala. Tili pamzere pakhomo la holo, ID ili m'manja, mayi woyang'anira mayeso ali ndi mndandanda wa mayina. Kufika ine, chala chawo chinatsetsereka mpaka pansi pa tsamba. Anatembenuza, chinatsikanso. Anandifunsa nambala, ndinaitchula pang'onopang'ono. Anabwerera tsamba loyamba. "Dzina lanu mulibe, imani pambali." Ndinati mayi, ndakhala ndikuphunzira kosi imeneyi chiyambire, pepala la test ili. Sanalilandire n'komwe. "Ine ndimayendera mndandanda, imani pambali anzanu adutse." Anzanga a gulu lija, amene ndinawataipira asainimenti, ankadutsa maso ali pansi, wina anangondigwira paphewa. Nkhongono zinazizira, thukuta lili kamukamu. Chitseko chinatsekedwa, ndipo ndili panja pomwepo ndinamva akulengeza kuti tsegulani mapepala, kenako phokoso lija la mapepala akutembenuzika holo yonse.

Mukudziwa kuti alekichala amabwera mayeso akangoyamba kudzaona ngati pepala lilibe zolakwika. Ndinawadikirira m'khonde. Atatuluka ndinawaima kutsogolo, mawu akunjenjemera, ndati bwana andibweza. Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba, n'kundifunsa kuti, "Kodi simunakonze zija?" Zija! Ndinangoti kakasi. Ndati fomu ija munaisunga ndinu. Akuti "registration ndi udindo wa wophunzira," n'kumapita, makiyi a galimoto akulira m'manja. Mpaka lero mawu amenewo ndikawakumbukira ndimapsa mtima. Akanangonena tsiku loyamba lija kuti sindingakuthandizeni, bwenzi nditayenda nayo ndekha fomuyo. Anthu oterewa amafuna kuoneka achifundo m'kalasi, koma zikavuta amabisala kuseri kwa malamulo omwe anakuuza kuti ndi aang'ono.

Kwa registrar nako, bambo wa pawindo sanadzutse n'komwe mutu. "Sindinu wophunzira wa kosi imeneyi, magirediwo tiwaika pati?" Ndinapempha supplementary, akuti imeneyo ndi ya amene analembetsa n'kulephera pang'ono. Ndinapempha deferred, akuti ndi ya amene analembetsa koma anadwala kapena anali ndi zovuta. Ine sindinali m'gulu lililonse. Dipatimenti ikuti pitani kwa registrar, registrar akuti vuto linachokera ku dipatimenti, accounts akuti ife mbali yathu tinamaliza. Kungokankhirana basi.

Chopweteka n'choti semesita yomweyo mu Public Administration timaphunzira za Max Weber, uja anamwalira mu 1920, amene anafotokoza kuti ofesi yamakono imayendera malamulo olembedwa ndi mafayilo, osati nkhope ya munthu kapena lonjezo la pakamwa. Ndinalemba essay yotamanda zimenezo, ndati zimateteza munthu wamba ku kukondera. Osadziwa kuti mafayilo omwewo ndi amene adzandikane pakhomo la holo. Tinawerenganso za Michael Lipsky, amene mu 1980 anasonyeza kuti ogwira ntchito okumana ndi anthu maso ndi maso, monga aphunzitsi, apolisi ndi a pawindo, ali ndi mpata waukulu wosankha wothandiza ndi wobweza, moti lamulo limene munthu wamba amalidziwa ndi limene iwowo asankha tsiku limenelo. Ine zonse ziwiri ndinaziona pathupi langa semesita imodzi.

Kosiyo ndinaibwereza chaka chotsatira, malikisi onse a continuous assessment aja anapita m'madzi, fizi ina, dissertation kuchedwa, anzanga akuvala gauni ine ndikuyamba kumene kusonkhanitsa data.

Ndiye mverani. Fomu yanu musasiyire munthu, kaya ndi pulofesa. Yendani nayo nokha ofesi ndi ofesi, ikasainidwa ijambuleni pafoni, ndipo kwa registrar musachoke asanakudindireni kope yanu. Portal ikakana, tengani screenshot yooneka deti ndi nthawi, tumizani imelo kwa a HOD tsiku lomwelo, registrar alandirenso kope, kuti pakhale umboni woti munadandaula nthawi isanathe. Masiku otsekerawo si amodzi, alipo a registration, a late registration ya chindapusa, a add/drop, ndiye ena ochoka mu kosi popanda kulembedwa kuti mwalephera. Aoneni pa academic calendar, osati pa gulu la WhatsApp la kalasi. Ngati chindapusa chingakutsegulireni, lipirani, mudzakangana nawo pambuyo dzina lili mkati. Zonse muzichita polemba, za pakamwa ayi.

Komabe, kunena zoona, chaka chotsatiracho amene anandithandiza sanali imelo. Portal inandikananso, ati ndadutsa chaka chachitatu, ndipo anali mayi wina mlembi wa ku dipatimenti, amene anali atazolowera nkhope yanga, amene ananyamuka pampando, kunditengera yekha kwa a Dean, n'kuimirira pomwepo mpaka anasaina. Choncho alembi a ku dipatimenti muziwapatsa moni, muziwadziwa, amadziwa kuti fomu yagona tebulo liti kuposa a HOD amene.

Ndipo m'kalasimo musasiye kulowa. Ndikudziwa kuti ndayamba ndi kunena kuti musawamvere, koma dzina likadzatuluka mochedwa mutajomba, adzakuuzaninso kuti attendance yanu sikukwana kapena test yoyamba inakudutsani. Lowani, koma m'mawa uliwonse tsegulani portal, ndipo exam card ikangotuluka werengani ma code a makosi amodziamodzi, chifukwa makosi ena mayina amafanana koma code ya chaka china.

Chinanso, simunanene kuti kosi yanuyo ndi iti. Ngati ndi core, ija yosadumphika, kapena ndi prerequisite ya ina ya semesita yamawa, mawa m'mawa mukhale pakhomo pa a HOD ofesi isanatsegulidwe. Ngati ndi elective chabe, yongodzisankhira, itayeni, sankhani ina imene portal ikulola add/drop isanatseke, ma credit akwane.