Chiikireni antivirus, imelo sikutuluka

Mayi ena a ku Mufakose ku Harare, alembi a bungwe lina lothandizana pa maliro, andilembera kuti chiikireni antivirus yatsopano pa laputopu yawo, makalata akungounjikana mu Outbox, ndipo pulogalamu yawo ya imelo, Outlook, ikuonetsa nambala 0x800CCC0F. Pafoni zonse zikuyenda bwinobwino. Akufunsa ngati angoichotsa.

Ayi mayi, musaichotse. Poti pafoni zikutheka, pasiwedi yanu ilibe mlandu. Nambala imeneyo ikungonena kuti kulumikizana ndi seva, kompyuta yolandira ndi kutumiza makalata anu, kwadukira panjira.

Ma antivirus ambiri amakhala pakati pa pulogalamu ya imelo ndi seva, ngati rodibuloko ya apolisi: kalata iliyonse iime kaye, isechedwe. Koma masiku ano makalata amayenda atatsekedwa. Kuti isuzumiremo, antivirus imaika certificate (chiphaso chotsimikizira kuti seva ndi yeniyeni) yakeyake m'malo mwa ya seva. Pulogalamu ya imelo ikaikayikira certificate ija, imakana. Apo ayi, kalata ikakhala ndi zithunzi zolemera, kusechako kumatenga nthawi mpaka seva kudula.

Ndiye lowani mu settings ya antivirus, muzimitse gawo losecha makalata lokha. Avast amalitchula Mail Shield, kwa ESET fufuzani za SSL/TLS. Tsekani Outlook, muitsegulenso, mudzitumizire kalata nokha. Ikafika, mwaupeza muzu wa vuto. Ine gawo limenelo sindilidandaula likakhala lozima, chifukwa chitetezo cha mafayilo chimasecha ndithu attachment iliyonse mukamaisunga kapena kuitsegula, komanso Gmail imakaniratu mafayilo a .exe.

Zikakanikabe, tsegulani Outlook mutagwira batani la Ctrl kuti ilowe mu safe mode, momwe imayenda popanda ma add-in, timapulogalamu towonjezera. Ikayenda mmenemo, wolakwa ndi add-in, ndipo muyambe kuzimitsa ya antivirus. Onaninso ngati mulibe ma antivirus awiri. Anyamata okonza makompyuta m'tauni amakonda kuthira wina pamwamba pa mnzake. Microsoft Defender, antivirus yobwera ndi Windows, imadzipatula yokha ikaona kuti kwabwera ina.

Ogwiritsa ntchito Thunderbird, pulogalamu ina ya imelo, chenjerani kwambiri. Iyo imasunga Inbox yonse mu fayilo imodzi, moti kalata imodzi ya vairasi itha kuchititsa kuti antivirus itsekere Inbox yathunthu mu quarantine, malo otsekeramo mafayilo okayikitsa. Mukadzuka n'kupeza mulibe kanthu, musathamangire kufufuta za mu quarantine, makalata anu ali momwemo. Mu settings ya Thunderbird, pa Privacy & Security, pali kabokosi kolola antivirus kugwira kalata imodziimodzi yongobwera kumene. Kachongeni lero lomwe.