Funsani Dokotala: Kodi wophunzira amene anathyola nthiti za achimwene ndiye anawapha?

Adokotala, Loweruka lapitali bwato la achimwene anga linagudubuzika mu Shire ali ndi mwana wawo wa zaka 12. Mwanayo anagwira bango n'kupulumuka, koma iwo anawavuula asakupuma. Anthu anawazondotsa kuti madzi atuluke, kenako tinathamanga nawo kuchipatala pa njinga yamoto. Kumeneko mnyamata wina, amene tamva kuti ndi wophunzira, anawakanikiza pachifuwa mpaka ndinamva nthiti kuti thyo! Sanadzuke. Akubanja akuti ophunzirawa amaphunzirira pa anthu, ndipo ndiye anawamaliza. Kodi amadziwadi zimene akuchita? Mwana uja akutsokomola ndipo thupi likutentha, koma tamugulira Bactrim ndi Panado. Ndine mayi wa kufupi ndi Bangula.

Pepani kwambiri, Mayi, ndi zovutazi. Ndikuona kuti chikukusowetsani tulo ndi chakuti mwina munawapereka nokha achimwene m'manja mwa wowapha. Ayi. Munthu amakanikizidwa pachifuwa pokhapokha mtima utaima kale. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi 4 mpaka 6 umayamba kuwonongeka, ndipo zikadutsa mphindi 10 popanda wothandiza, mwayi umakhala wochepa zedi. Werengani nthawi yowavuula, yowazondotsa, yofunafuna njinga, ndi ya pamsewu. Mnyamatayo analandira munthu amene nthawi inali itamuthera.

Za nthitizo. Kuti magazi achoke mumtima kukafika ku ubongo, chifuwa cha munthu wamkulu chiyenera kulowa masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi imodzi. Yesani kuona kutalika kwa masentimita 5 pa chala chanu, muganize fupa la pakati pa chifuwa likulowa choncho kawiri pa sekondi. Nthiti zimathyoka kawirikawiri, ngakhale wokanikiza atakhala dokotala wa imvi. Nthiti yothyoka imalumikizana yokha m'masabata ngati 6. Imapweteka, koma mwini wake akakhala moyo amaiwala.

Kodi ophunzira amakhala okonzeka? Sindikunamizani kuti onse ndi akatswiri. Ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, komanso m'masukulu ophunzitsa ma clinical officer ndi anamwino, njira imeneyi yokanikiza pachifuwa, yotchedwa CPR, imakhala mbali ya maphunziro, ndipo amayeserera pa chidole cha pulasitiki, osati pa wodwala. Vuto lodziwika padziko lonse ndi lakuti luso la m'manja limazilala pakangopita miyezi yochepa munthu asakuyeserera, ngakhale mayeso a papepala atakhoza bwino. Koma taonani zolakwa za wosazolowera: amakanikiza mofewa poopa kuthyola nthiti, amatsamira pachifuwa osachilola kubwerera kuti mtima udzadzenso magazi, amaimaima kufufuza ngati mtima wayamba kugunda, ndipo akatopa safuna kunena. Zonsezi n'zolakwa za mantha. Amene anakanikiza mpaka inu kumva phokoso sanali kunyengerera. Wophunzira amagwira ntchito pansi pa wamkulu, choncho banja lili ndi ufulu wopita kukapempha wamkuluyo kuti afotokoze zimene zinachitika. Pitani awiri kapena atatu, mukafunse modekha.

Tsopano ndilankhule za kuzondotsa, chifukwa kumeneku ndiye kukutitayitsa anthu kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Marka. Timaganiza kuti womira ali ngati chigubu chodzaza, choti ukachipendeka madzi atuluka, munthu n'kudzuka. Si choncho. Madzi amene amafika m'mapapo nthawi zambiri si ochuluka, ndipo amalowerera m'tinthu ting'onoting'ono ta m'mapapomo, moti ngakhale mutamukoleka pamtengo satuluka. Amene mumawaona akukhuthuka mkamwa aja ndi a m'mimba, osakanikirana ndi nsima ya masana. Mukamufinya pamimba kapena kumugubuduza, masanziwo amabwerera kukhosi n'kulowa m'mapapo, kuwonjezera vuto pa vuto. Chimene chapha womira ndi kusowa mpweya, ndiye mankhwala ake ndi mpweya, ndipo uli mkamwa mwa aliyense woimirira pagombepo. Sindikudzudzula amene anawazondotsa, anachita zimene anaona akuluakulu akuchita. Koma mphindi zimene zinapita pamenepo ndi zomwe zinali zamtengo wapatali.

Zoyenera kuchita ndi izi. Mugonekeni chagada pamalo olimba, pamchenga wouma kapena padothi, osati pamatiresi. Mugwedezeni paphewa mukumuitana dzina. Dzanja limodzi pamphumi, zala ziwiri pansi pa chibwano, pendeketsani mutu chakumbuyo kuti lilime lichoke kukhosi. Yang'anani chifuwa kwa masekondi osapitirira 10. Akamangotsegula kukamwa mwa apo ndi apo ngati mlamba woponyedwa pamtunda, kumeneko si kupuma, musanyengeke. Tsinani mphuno, phimbani kamwa lake ndi lanu, muuzireni mpweya kasanu, ulendo uliwonse sekondi imodzi, mukuona chifuwa chikukwera. Chikapanda kukwera, mutu sunapendekeke mokwanira.

Kenako gwadani pambali pake. Ikani m'munsi mwa chikhatho pakati pa chifuwa, pa theka la m'munsi la fupa lija, dzanja lina pamwamba. Zigongono zisapindike, mphamvu ichokere m'mapewa. Kanikizani ka 30 mukuwerenga mokweza, muuzireni kawiri, mubwererenso pa 30. Mphindi ziwiri zilizonse sinthanani ndi mnzanu, pakuti ndi kutentha kwa kuno kuchigwa manja amafooka mwini asanazindikire. Mwana wamng'ono mumakanikiza ndi dzanja limodzi, khanda ndi zala zazikulu ziwiri manja atazungulira chifuwa, kulowa gawo limodzi mwa magawo atatu a kukhuthala kwa chifuwa. Akasanza, mutembenuzireni kumbali, pukutani mkamwa ndi chitenje, mubwezereni chagada. Wina athamangire galimoto kapena aimbe foni kuchipatala pamene inu mukupitiriza. Pa njinga yamoto palibe amene angakanikize chifuwa, ndiye ulendo wonsewo ubongo umakhala wopanda magazi. Akayamba kupuma, mugonekeni cham'mbali, muvuleni zonyowa, mufunditseni, apite kuchipatala ndithu.

Oopa matenda pouzira mpweya: HIV siyenda m'malovu. Ngati mtima wanu ukukanabe, kanikizani kokha, n'kwabwino kuposa kuimirira manja ali m'chiuno, ngakhale kwa womira mpweyawo ndiwo ukufunika kwambiri. A Malawi Red Cross amaphunzitsa chithandizo choyambirira. Makomiti a asodzi ndi a ngozi zogwa mwadzidzidzi m'midzi yathu, amene anaona za namondwe Ana mu 2022 ndi za namondwe Freddy mu 2023, akanayenera kupempha maphunzirowa madzi asanakwere.

Koma Mayi, nkhani yaikulu m'kalata yanu mwaiika kumapeto ngati yosafunika. Mwanayo. Nayenso anamwa madzi a mu Shire, a matope ndi tizilombo, ndipo kutsokomola ndi kutentha thupi patapita masiku angapo kungakhale chibayo chobwera chifukwa cha madzi olowa m'mapapo. Ndikudziwa kuti pamaliro mwana amaiwalika, aliyense ali ndi alendo ndi miphika. Komabe Bactrim wa pagolosale, wopatsidwa mongoyerekeza, sachiza chibayo cha mtundu umenewu modalirika, ndipo Panado amangobisa kutentha kuti inu muziti akuchira. Kwathu kuno kutentha thupi kulikonse kumafunanso kuyeza malungo.

Mupite naye lero, musadikire kuti mwambo uthe. Tengani kabuku kake ka kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala amene wamwa, munene anayamba liti ndiponso amamwa angati. Mawu oyamba mukalowa akhale akuti mwanayu anamira mu Shire Loweruka, osangoti akutsokomola, chifukwa zimenezi zimasintha mankhwala amene angamupatse. Adzamumvetsera m'chifuwa, adzamuyeza malungo, ndipo adzamupana kachipangizo pachala koyeza mpweya m'magazi. Kakaonetsa pansi pa 90, afunika kugonekedwa pa okosijeni, mwina kutumizidwa kuchipatala cha boma ku Nsanje kukajambulidwa chifuwa. Ngakhale kutakhala kuti kwada kale, mukaona izi nyamukani usiku womwewo, musadikire kuche: akupuma kopitirira ka 30 pa mphindi ali chigonere, pansi pa nthiti pakulowa akamakoka mpweya, milomo yachita bii, akutsokomola thovu, kapena akungogona osafuna kudzuka.

Muwauzenso a kuchipatala kuti mwanayu anaona bambo ake akumira. Ngati sakugona, akudzidzimuka usiku kapena wasiya kulankhula, achipatala akudziwitsani kumene kuli namwino woona za maganizo. Ndipo pakapita miyezi iwiri kapena itatu, mukaona magazi kumapeto kwa mkodzo, mubwerere naye akamuyeze likodzo.