Za chitini cha Castrol chija: werengani zolembedwa musanakopeke ndi dzimbiri

Achimwene, mwafunsa ngati chitini cha oyilo cha Castrol chomwe wogulitsa akuti n'cha m'ma 1930 n'chenichenidi, poti chachita dzimbiri ndithu. Dzimbirilo liikeni kaye pambali. Munthu atha kuviika chitini chatsopano m'madzi amchere kapena mu viniga, pakapita masabata ochepa n'kumaoneka ngati chosiyidwa ndi agogo.

Yambani ndi zolembedwa, chifukwa opanga zabodza amapunthwa pamenepo. Kampani ya Castrol, yomwe ndi ya ku Britain, inkatchedwa C.C. Wakefield & Co. mpaka 1960, choncho chitini cha m'ma 1930 chimayenera kukhala ndi dzina la Wakefield penapake. Mukaonapo GTX, nkhani yathera pomwepo, oyilo ameneyo anatuluka mu 1968. Manambala osonyeza kulemera kwa oyilo ngati 10W-30 kapena 20W-50 anabwera m'ma 1950. Barcode, timizere takuda tija tomwe makina amawerenga polipira, inayamba kugwiritsidwa ntchito m'masitolo mu 1974. Onaninso muyezo: zitini za ku Britain za nthawi imeneyo zinkalembedwa pint, quart kapena gallon, malita anabwera mochedwa.

Zikagwirizana zonsezo, pitani pa utoto. Zitini zambiri zakale ankazisindikiza pa chitsulo penipeni. Yendetsani chikhadabo m'mbali mwa msoko ndi m'mphepete, mumve ngati pali pomwe pepala kapena pulasitiki yomata yathera. Zilipo zakale zomwe zinali ndi pepala lomata, koma pepala la zaka 90 silikhala loyera mbee. Ndiye jambulani zilembo ndi foni, mukulitse chithunzicho. Makina osindikizira a masiku ano amasiya timadontho tamitundumitundu tomwazika m'mphepete mwa chilembo. Choseketsa n'chakuti ena amajambula chitini chenicheni n'kusindikiza zonse, ndi dzimbiri lomwe. Pooneka ngati padyeka, mukakhudza mupeza n'posalala.

Kutha kwenikweni kumakhala pomwe chitini chinkagwiridwa ndi pomwe chinkakhala pansi: kunsi, pa chogwirira, kuzungulira chitsekero. Dzimbiri lakale limada ndipo limadya chitsulo. Likakhala lofiirira mowala, lofanana mbali zonse, n'kumatsalira m'manja, ine ndimakayika.

Chovuta kwambiri ndi chitini chakaledi chomwe achipentanso. Chitsulo n'chakale, fungo la oyilo lilimo, koma nkhope ndi yadzulo. Si chabodza ayi ngati wogulitsa wanena yekha, koma osonkhanitsa zinthu zakale ambiri amakonda cha utoto wake woyamba ngakhale chitakandika, ndiye musalipire mtengo wa chosakhudzidwa. Pa chifukwa chomwecho, mukagula musachikwechese ndi sitiliwulu.

Zithunzi mwaikazi zikungoonetsa kutsogolo. Muuzeni wogulitsayo ajambule kunsi, msoko wa kumbuyo, m'kati mwa chitsekero ndi tizilembo ting'onoting'ono ta m'munsi, muziike pano tione limodzi. Akayamba kuzengereza kapena kunena kuti pali wina akuchifuna lero lomwe, musatumize ndalama.