Laisensi isiyeni ya kwathu konkuno, nkhani ili pa pemiti

Achimwene a ku Chitakale, funso lanu ndaliona. Mwati alamu anu akupezerani ntchito ya miyezi 8 ku Johannesburg, ndiye mukufunsa ngati musinthe laisensi yanu yoyendetsera galimoto kuti ikhale ya ku Joni, komanso ngati muyambe kufunafuna mapepala okhazikikira kumeneko. Ine kwathu ndi ku Luchenza, ku Joniko ndinakhalako zaka ziwiri.

Laisensi musasinthe. Khadi yomwe amapereka a Road Traffic ndi yolembedwa m'Chingerezi, ili ndi chithunzi chanu ndi siginecha, ndipo malamulo a ku South Africa amalola mlendo kuyendetsa galimoto ndi laisensi yotere bola ikhale isanathe. Amene amakakamizidwa kusintha ndi munthu yemwe wapatsidwa chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Inu mukungopita kukagwira ntchito n'kubwerera, mwina chimanga cha chaka chamawa mudzakolola nokha.

Chomwe ndikukupemphani lero lomwe, itulutseni laisensiyo m'chikwama muone tsiku lomwe ikutha. Imatha pakapita zaka 5, ndipo ambirife timakumbukira wapolisi atatiimitsa kale. Ngati ikutha muli kunja, kwerani minibasi mupite ku Road Traffic ku Blantyre mukaikonzetse musananyamuke. Kumeneko amafuna mwini wake, amajambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala, choncho mkazi wanu sangakuimireni pamzere. Ikathera m'thumba muli ku Joni, ndiye kuti mukuyendetsa wopanda laisensi, ndipo mukachita ngozi a inshuwalansi akhoza kukana kulipira. Chitupa cha unzika cha NRB ndi pasipoti muzionenso masiku ake, ndipo zonse muzijambule pa foni.

Simunanene kuti ntchitoyo ndi yotani. Ngati ndi yoyendetsa galimoto yonyamula anthu kapena lole ya katundu, laisensi yokha sikwanira, pamafunika PrDP, chilolezo chapadera cha madalaivala a ntchito zotere. Bwanayo akuuzeni momveka zomwe akufuna mukadali kuno.

Tsono pomwe mtima wanga uli ndi apa. Mmalawi akafika pa chipata cha Beitbridge cholowera ku South Africa amamudindira masiku osapitirira 30 ngati mlendo, ndipo chidindo chimenecho sichilola kugwira ntchito. Miyezi 8 singakwane m'masiku 30. Mukapyola masiku anu, potuluka amakulembani kuti ndinu munthu wosafunika m'dzikomo. Kupyola ndi masiku osafika 30 amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi, kupitirira apo ndi zaka 5. Msuweni wanga zinamuchitikira. Anapita ndi mtima woti akakonza mapepala akafika, miyezi inatha akuzengereza, pobwera kumaliro a mayi ake anamuletsa kubwereranso, katundu wake yense anatsala m'chipinda cha lendi. Ena sawapatsa ngakhale mpata wolongedza, amawagwira pamsewu n'kukawasunga ku Lindela, malo otsekerako alendo opanda mapepala, kudikira kuthamangitsidwa.

Ndiye auzeni alamu anu kuti bwanayo alembe kalata ya ntchito ndi kontirakiti, mupemphe pemiti yogwirira ntchito ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe musanakwere basi. Zimatenga nthawi ndipo sikuti aliyense amapatsidwa, izi ndisakubisireni. Koma bwana yemwe akukana kulemba kalata ndi yemweyo adzakukaneni apolisi akabwera pantchito.

Mukafika mudzakumana ndi anyamata okuuzani kuti ndi ndalama pang'ono akupezerani ID ya kumeneko, kapena pepala la asailamu. Akaneni. ID yogula ndi mlandu wa ndende. Pepala la asailamu nalo ndi la munthu wothawa nkhondo kapena chizunzo kwawo, ndipo amene walitenga sayenera kumabwerera kudziko lomwe akuti walithawa. Inu muli ndi ana ku Mulanje, Khirisimasi mudzafuna kudyera kwanu. Mwatchonera dala chifukwa cha ntchito ya miyezi 8?

Za kukhazikika musaziganizire panopa. Kukhala kunja miyezi ingapo sikuchotsa unzika wanu, dzina lanu likadali m'kaundula wa amfumu. Kamunda ndi nyumba musiyire munthu wodalirika, amfumu adziwe kuti mwachoka kwa kanthawi.

Mukaona tsiku lothera laisensi ndi pasipoti, mundiuze kuti tiwerengere limodzi ngati miyezi 8 ikukwanamo.