Kodi ndi bwino kuti Mkhristu azidya nsomba tsiku lililonse?

Mayi ena amene amakhala ku Johannesburg anditumizira imelo. Akuti adokotala anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ndipo anawalangiza kuchepetsa nyama yofiira, moti tsopano ndiwo zawo ndi nsomba pafupifupi tsiku lililonse, makamaka zam'chitini ndi zouma zamchere. Akufunsa ngati akuchita bwino, komanso ngati Mkhristu angadye mlamba ndi nkhanu, popeza mnzawo wa kutchalitchi anawauza kuti zimenezi ndi zodetsedwa.

Mayi, adokotala anakuuzani zoona. Nsomba zili ndi zakudya zomanga thupi popanda mafuta ouma ochuluka monga a nyama ya ng'ombe, ndipo zanona za m'nyanja zamchere, monga pilchard zomwe mukugula m'chitinizo, zili ndi mafuta a omega-3 amene amathandiza mtima ndi mitsempha ya magazi, komanso kukula kwa ubongo wa mwana wosabadwa. Nsomba za m'nyanja zamchere zilinso ndi ayodini amene amateteza ku chithokomiro. Koma zomwe ndimazilemekeza koposa ndi zimene ambiri amaziyesa ndiwo za amphawi: usipa, matemba ndi utaka. Popeza timazidya zathunthu, mutu ndi minga yomwe, timapezamo kashiamu wolimbitsa mafupa, ayironi, zinki ndi vitamini A, zomwe wodya mnofu wa chambo wokha amazisiya m'mbale.

Nkhawa yanga ili pa mchere. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo nsomba zouma zamchere monga bakayawo zingakufikitseni pamenepo pa chakudya chimodzi chokha. Kwa inu amene magazi akuthamanga kale, nsomba yotere ikhoza kubweza m'mbuyo zonse zimene mwapindula posiya nyama. Kukazinga m'mafuta obwerezabwereza nakonso kumawononga ubwino wake. Amayi oyembekezera amachenjezedwanso kupewa nsomba zikuluzikulu zodya zinzake, monga shaki, chifukwa m'thupi mwake mumaunjikana mekyule, poizoni yemwe anadwalitsa anthu ambiri ku Minamata m'dziko la Japan m'zaka za m'ma 1950.

Za mlamba, mnzanuyo sanangopeka. Levitiko 11:9-12 imaloleza zam'madzi zokhala ndi zipsepse ndi mamba zokha, ndipo abale athu a Seventh-day Adventist amasunga lamuloli mpaka lero, n'chifukwa chake sadya mlamba, kampango kapena nkhanu. Mipingo ina yambiri imamva Maliko 7:19 kuti Yesu anayeretsa zakudya zonse, ndipo inenso ndimakhulupirira chomwecho. Komabe Aroma 14 imaletsa wodya kupeputsa wosadya, ndi wosadya kuweruza wodya, choncho musakangane naye, ndipo akabwera kwanu musamuphikire chimene chikumbumtima chake chimakana.

Chimene Malemba amabwerezabwereza ndi muyeso. Ambuye mwini, ataukitsidwa, anadya chidutswa cha nsomba yootcha pamaso pa ophunzira ake (Luka 24:42-43), kotero palibe angakayike kuti nsomba ndi mphatso yabwino. Koma Miyambo 25:16 imachenjeza ngakhale za uchi kuti munthu adye womukwanira, ungamukole, ndipo Paulo amaika kudziletsa pakati pa zipatso za Mzimu pa Agalatiya 5:23. Chakudya chabwino sichisanduka mankhwala chifukwa chochidya mopitirira.

Langizo langa ndi lakuti muzidya nsomba kawiri kapena katatu pa sabata, kamodzi mwa apo zikhale zanona, ndipo masiku enawo mudye nyemba, nandolo, mazira ndi masamba otendera. Zouma zamchere muziyamba mwaziviika n'kutaya madzi ake, zam'chitini muziwerenga kuchuluka kwa mchere komwe kwalembedwa pachitinipo, ndipo pophika musathirenso wina. Ngati mfundo za m'mapazi zimatupa chifukwa cha nyamakazi ya gout, kawauzeni adokotala, chifukwa nsomba zing'onozing'ono zanona zimatha kuidzutsa.