Yankho kwa Amalume: za matope a ku Kachulu ndi ndowe za mbuzi

Amalume, mwaswera bwanji? Ndaumva uthenga wanu uja pagulupa, koma kulemba sindingathe, ndi nkhani yaitali, ndiye ndingolankhula. Mwafunsa ziwiri: kuti kodi n'zoona anthu anandiona ku Kachulu, kugombe la nyanja ya Chilwa, ndikutapa matope m'timabotolo komanso ndikutola ndowe za mbuzi, ndiponso ngati ndingakuyezereni madzi a chitsime chanu. Eya, n'zoona, ndinali ineyo, ndipo mutu wanga uli bwinobwino, auzeni Azakhali mtima ukhale m'malo.

Chimene tikuchita ndi kalembera, Amalume, koma kalembera wa mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso. Tikufuna kudziwa kuti m'matope a nyanja ya Chilwa, m'madzi a Likangala, ndi m'mimba mwa ziweto zomwe zimamwa kumeneko mumakhala mitundu iti, ndipo wochuluka ndi uti. Inu mukamva mabakiteriya mumangoganiza matenda, ndikudziwa. Komatu oyambitsa matenda ndi ochepa zedi. Mbuzi yanu ija ikamadya udzu wouma n'kumanenepa, si mphamvu zake zokha ayi. M'chifu chake muli mabakiteriya ngati Ruminococcus ndi Fibrobacter, ndiwo amagaya udzuwo. Timatuza tija ta ku mizu ya nandolo ndi soya, mkati mwake muli mabakiteriya otenga nayitirojeni mu mpweya n'kupatsa mbewu. Ngakhale thobwa likamasasa, ndi ntchito yawo yomweyo.

Nanga tiwawerenga bwanji? Kale njira inali yowadzala mu labu. Umapaka pang'ono pa kambale kokhala ndi chakudya chawo, n'kudikira amere. Vuto lake n'lakuti ambiri amakana. Dothi lodzaza kasupuni kamodzi limatha kukhala ndi mabakiteriya mamiliyoni mazanamazana, koma omera pa kambale nthawi zambiri safika ngakhale mmodzi pa 100 alionse. Ena mpweya umene timapuma ifewu umawapha, ena sakhala popanda anzawo. Ndiye kwa zaka zambiri akatswiri ankadziwa okhawo ovomera kumera, otsalawo ayi.

Zinasintha ndi wasayansi wina wa ku America, Carl Woese, wa ku yunivesite ya Illinois. Iyeyu anaona kuti bakiteriya aliyense ali ndi kachigawo kena kotchedwa 16S mu DNA yake, ndiye kuti mu uthenga wa chibadwa umene chamoyo chilichonse chimatengera kwa makolo ake. Mukudziwa DNA imalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, T, G ndi C. Kachigawo aka kali ndi zilembo pafupifupi 1,500. Ubwino wake ndi uwu, ndipo apa mumvetsere: malo ena m'kachigawomo ndi ofanana pafupifupi mwa mabakiteriya onse, pomwe malo ena asanu ndi anayi amasiyana mtundu ndi mtundu. Ofanana aja ndi pogwirira, osiyana aja ndi amene amatiuza dzina. Mu 1977 Woese ndi mnzake George Fox, poyerekeza zimenezi, anapeza kuti tizilombo tina timene aliyense ankati ndi mabakiteriya tinali gulu lapalokha, lomwe lero timati Archaea. Tina mwa ito tili m'chifu cha ng'ombe momwemo, ndi timene timapanga mpweya wa methane ng'ombe ikamageya.

Ndiye ifeyo sitidzalanso kanthu. Timatenga matope aja, kapena ndowe, kapena timasefa madzi pa kasefa kosalola bakiteriya kudutsa. Kenako timathira mankhwala n'kugwedeza ndi timikanda ting'onoting'ono kuti mabakiteriya onse aphulike, DNA yawo ituluke. Apo pamabwera makina a PCR, omwe aja munkawamva nthawi ya Covid. Ntchito yake ndi kukopera kachigawo ka 16S kokhako kambirimbiri mpaka kachuluke. Chimene chimakopera m'makinamo chinachokeranso kwa bakiteriya, Thermus aquaticus, wa m'akasupe otentha a ku Yellowstone, chifukwa sichiwonongeka ndi kutentha. Zikatero timapereka ku makina owerenga zilembo. Alipo aakulu a Illumina, aliponso kena ka Oxford Nanopore kokwana m'dzanja, kolumikiza ku laputopu, kamene anakagwiritsa ntchito ku Guinea nthawi ya Ebola mu 2015. Pomaliza kompyuta imafananiza zilembo zija ndi zosungidwa kale, n'kutulutsa mndandanda: awa alipo ochuluka chonchi, awa ochepa, awa sanalembedwepo n'kale lonse. Gulu lomalizali limakhala lalikulu, makamaka ku dothi ndi madzi a kuno kwathu, chifukwa zambiri zosungidwazo zinachokera ku Ulaya ndi ku America. Ineyo mpamene mtima wanga uli, kunena zoona.

Kuvuta kwa ntchitoyi sikuli pa makina ayi, kuli panjira. Ukatapa matope ku Kachulu dzuwa lili pamutu, n'kuwasiya atenthe mumsewu wonse uja mpaka m'tauni, mabakiteriya ena amaswana, ena amafa, ndiye chimene ukawerenge si cha m'nyanja ayi, ndi cha m'botolo. N'chifukwa chake timayenda ndi bokosi la ayezi, tikafika n'kuika mufiriji yozizira mpaka madigiri 80 pansi pa ziro. Magetsi akathima usiku tulo sitibwera. Magolovesi aja amene anthu amatiseka nawo si kunyansidwa ndi ndowe ayi, n'kuopa kuti mabakiteriya a m'manja mwanga angalowe m'kaundula wa mbuzi. Timayezanso botolo la madzi oyera opanda kanthu pambali. Likatulutsa mayina, tadziwa kuti penapake taipitsa, tiyambirenso.

Mwina mufunsa kuti bwanji Chilwa. Nyanja ija ilibe mtsinje wotulukamo. Zonse zimene Likangala watenga podutsa m'tauni ya Zomba, zimene Domasi ndi Phalombe abweretsa, zimathera momwemo. Madzi akamaphwa mchere umakwera, ndipo inu mukukumbuka bwino kuposa ine kuti inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Malo osinthasintha chonchi, okhalamo ake nawonso amasintha, ndipo matemba ndi makumba amadya zochokera m'matope omwewo. Tikayeza dzinja ndi chilimwe, kumtunda pafupi ndi phiri ndi kumunsi madzi atadutsa m'tauni, timaona kuti mabakiteriya a m'matumbo mwa anthu ndi ziweto ayamba kuchuluka pati.

Tsopano za chitsime chanu. Pepani Amalume, apa ndikukanirani, osati chifukwa cha ulesi. Njira yathuyi siyankha funso lanu. Inu mukufuna kudziwa ngati madziwo ndi abwino kumwa. 16S imawerenga DNA, ndipo DNA imatsala ngakhale bakiteriya atafa, ndiye siisiyanitsa wamoyo ndi wakufa. Komanso kawirikawiri imangofika pa dzina la banja. Ikhoza kunena kuti muli Vibrio, koma a Vibrio alipo ambiri, ndipo ngakhale mwa Vibrio cholerae weniweniyo, si onse ali ndi poizoni woyambitsa kolera. Choopsa kwambiri n'chakuti ikhoza kusamuona pomwe alimo ochepa, inu n'kumamwa mtima uli phee chifukwa mwana wa mlongo wanu wanena. Ayi, zimenezo ine sindingasenze. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo kunyanja kuno, kwa asodzi okhala m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi tija, ndi matenda obwerabwera. Komanso zotsatira zathu zimatenga masabata, pomwe madziwo mukumwa lero.

Chimene mungachite ndi ichi: lankhulani ndi alangizi a zaumoyo a kwanuko. Kuyeza kwa madzi akumwa n'kwina, amayang'ana E. coli, amene amasonyeza kuti chimbudzi chalowa m'madzi, ndipo yankho limatuluka tsiku limodzi kapena awiri. Podikira, thirani klorini kapena WaterGuard, apo ayi wiritsani. Ndipo khola la mbuzi lija lili kumtunda kwa chitsime, mvula isanayambe lisunthidwe ndithu, zimenezo sizifuna labu. Loweruka ndibwera, tidzaone limodzi pomwe lingakhale. Mupereke moni kwa Azakhali ndi ana onse.